Khadi Limodzi la a Khumi-n'zitatu

Mu ofesi ija aliyense ankadziwa kuti a Khumi-n'zitatu anali ndi yankho limodzi pa funso lililonse. Dzina lawo lenileni linaiwalika, moti ngakhale amayi ophika tiyi ankawaitana choncho.

Zamakhadizi anabwera nazo mtsikana amene anzake ankamutcha Wandege, poti anali atangobwera kuchokera kunja ndipo nkhani iliyonse ankaiyamba ndi "kumene ndinali kuja". Anafotokoza bwinobwino. Lolemba lililonse onse okonza mapulogalamu a kompyuta akhale pansi, ntchito iwerengedwe, aliyense asankhe mobisa khadi la nambala yosonyeza kulemera kwa ntchitoyo, kenako akweze onse nthawi imodzi, kuti wamng'ono asaonere kwa wamkulu.

Koma ndani angakweze dzanja bwana asanakweze? Apa Wandege sanaganizepo. Akawerenga mpaka katatu kuti akweze makhadi, wina ankatsokomola, wina kugwetsa cholembera, wina kumanga nsapato yomanga kale, mpaka khadi la bwana lioneke. Bwana ziwiri, onse ziwiri. Kupatula a Khumi-n'zitatu aja, mdala wa pakona pafupi ndi printa, amene khumi n'zitatu yake inkakhala ili m'mwamba ntchito isanathe n'kuwerengedwa komwe.

Tsiku lina ntchito inali yongosintha mtundu wa batani la m'pulogalamu.

"Achikulire, kabatani kokha?" anafunsa Wandege.

"Mwana wanga, kabataniko kali ndi abale ake. Ukangokakhudza, abwera onse ndi zikwama."

Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Kabataniko kanadya milungu itatu. Amayi a tiyi atafunsa mwanthabwala kuti ketulo iwira nthawi yanji, mdala anakweza khadi lomwelo, ati simunawerengere magetsi. Magetsi anathimadi.

Kenako inabwera ntchito yosamutsa mayina onse a makasitomala kuchoka m'makina akale. Bwana anali atalonjeza kale kuti pofika Lachisanu zikhala zitatheka, ndiye anakweza ziwiri uku akuyang'ana aliyense m'maso. Wandege ankaidziwa ntchitoyo. Chala chake chinali pa khumi n'zitatu. Koma mwezi womwewo bwana ndi amene ankayenera kusaina ngati mtsikanayo apitirize ntchito. Anakweza zitatu, n'kudzinamiza kuti walimba mtima.

Mdala anamuyang'ana Wandege kamodzi kokha, khadi lake lili m'mwamba.

Bwana anati m'timu muli munthu wofooketsa anzake, ndipo poti akuidziwa ntchitoyo kuposa onse, aigwire yekha. Lachisanu linadutsa, linanso linadutsa. Kalata yowachotsa ntchito a Khumi-n'zitatu inati ndi ochedwa. Amene analowa m'malo mwawo, anthu atatu, anaimaliza patatha miyezi iwiri, sabata yomweyo imene mtima wa mdala unaima ali pamzere wa kuchipatala.

Uthenga wa maliro utafika, bwana anapempha kuti onse aimirire chete kwa mphindi ziwiri. Palibe anakweza nambala ina.

Masiku ano msonkhano wa Lolemba sutenga nthawi. Makhadi a khumi n'zitatu bwana anawachotsa onse, ati amagwetsa ulesi. La mdala lokha, lakuda ndi thukuta la chala, analipinda n'kuchirikizira mwendo wa tebulo la printa, ndipo tebulolo linasiyadi kugwedera. Wandege uja bwana anamusainira kuti apitirize ntchito. Sanenanso za kumene anali kuja. Amawerenga mpaka katatu, kenako nayenso amatsokomola.