Mmene Ndinakwezera Yusufu Ndege

Pali anthu amene amalima munda, wina n'kudzakolola iwo akuyang'ana. Ine ndinachita kuposa pamenepo, chifukwa wokololayo ndinachita kukamusaka ndekha pagalimoto ya eni.

Matipate atangoyamba ndinali kalaliki pabanki ina ku Salima. Masiku amenewo aliyense anali wabizinesi, ndipo mabwana anayamba kuopa kuti mbava zizilowetsa ndalama zakuba m'banki kuti zizioneka ngati za thukuta. Anatitumiza kumsonkhano pahotela ina ya kunyanja, komwe ankatiphunzitsa a Dokotala Mbewe a kuyunivesite (osati madokotala a jakisoni ayi). Iwo anadandaula kuti kafukufuku wawo akungodyedwa ndi chiswe chifukwa alibe chitsanzo chooneka ndi maso. Anati amene awapezere nkhani yogwirika apita naye kumsonkhano waukulu ku Harare. Pandege! Ine chibadwire ndinali ndisanapitirire Mchinji.

Kenako anatiuza kuti wakuba wochenjera sasungitsa ndalama zonse m'dzina lake, amazigawa kwa anthu ambiri. Asanamalize n'komwe, mtima wanga unali utafika kale kwa Yusufu.

Yusufu tinaphunzira limodzi mpaka Sitandade 5, pomwe anathawa masamu n'kukagulitsa usipa ku Lifuwu. Ine ndinalimbikira mpaka kumanga tayi. Koma iye ndiye anali ndi pikiapu, ine njinga yolira ngati nkhanga. Akamandipitirira ankaimba hutala n'kukuwa, "Aise, ponya kumbuyoku kachitsuloko!" Ndinkangomwetulira. Ndinkamuchitira nsanje yoopsa, zimenezo sindibisa.

Ndiye mwezi uliwonse munthuyu ankabwera kubanki ndi munthu wina wonyamula jumbo ya ndalama zonunkha nsomba. Mwezi uno mayi, mwezi wamawa mkulu wa chisoti, aliyense kusungitsa m'dzina lake, Yusufu ataima pambali ngati mbusa. Zinafanana ndendende ndi phunziro lija.

Ndinawakokera pambali a Dokotala.

"Muli ndi umboni, bambo?" anandifunsa.

"Mukaona nokha, bwana. Amakumana Loweruka la kumapeto kwa mwezi. Ndi gulu lalikulu, loopsa."

(Panthawiyi n'kuti nditakajambulitsa kale zithunzi za pasipoti, ndipo anzanga kuntchito ndinali nditayamba kuwapatsa moni wa pamwamba.)

Loweruka m'mawa tinapita pagalimoto yawo. Ndinawauza kuti tiisiye patali, pafupi ndi minda ya mpunga, kuti asatizindikire. Tinaponda matope, a Dokotala atavala suti, mpaka tinakawerama kuseri kwa thandala loyanikapo usipa, ntchentche zikutilandira ndi manja awiri. Chapatsogolo anthu anali atakhala pamphasa, beseni lili pakati, aliyense akuponyamo ndalama Yusufu akuitana mayina.

"Mwaona?" ndinanong'ona. "Onsewa ndi mbava."

"Bambo a Tadala! Mukutani kuseri kwa usipa?"

Mawu amenewo ndinkawadziwa bwino, chifukwa ndi amene ankandidzutsa m'mawa uliwonse. Mayi akunyumba, amene ndinkaganiza kuti ali kumsika kukagulitsa mandasi, anali atakhala pakati pa mbava zija, chitenje chatsopano chili m'chiuno.

Yusufu anabwera akuseka. "Salamu alaikumu, bwana. Aise, ukubisaliranji? Ichi ndi chipereganyu. Tonse timaponya, mmodzi n'kutenga zonse mwezi wake. Ine ndimangowaperekeza kubanki kuopa achifwamba panjira. Mwezi uno beseni ndi la alamu angawa."

"Kani mwabwera kudzandimangitsa?" anafunsa mayiwo. Za chipereganyu chawo anandiuzapo kangapo, koma ine ndinkangoyankha kuti "eya" makutu ali pawailesi.

Ndinkayembekezera kuti a Dokotala andikalipira, ndipo bwenzi zili bwino akanatero. M'malo mwake anavula nsapato, n'kukhala pamphasa, n'kuyamba mafunso. Dzuwa linafika pamutu akufunsabe, ine nditaima potero ngati mlonda. Pomaliza anandigwira dzanja mwamphamvu.

"Mwandithandiza kwambiri, bambo. Mabuku athu onse akanamangitsa anthu awa. Ku Harare ayenera kumva kusiyana kwa chipereganyu ndi umbava, ndipo woti akafotokoze bwino ndi mwiniwake."

Sankayang'ana ine ayi.

Patapita milungu ingapo Yusufu anabwera kubanki kudzasintha ndalama za paulendo, ndipo mwa makalaliki onse anasankha windo langa. Ndinamudindira mapepala ake mwamphamvu moti chidindo chinatsala pang'ono kuthyoka.

"Aise, iwe wophunzira," anatero motsitsa mawu, "kodi m'ndege munthu amaloledwa kukhala pawindo?"

Apa ndi pamene munthu wophunzirapo kanthu akanasonyeza kukula mtima. Ine ndinamuuza kuti pawindo pamakhala okhawo a satifiketi ya Fomu 4. Anakhulupirira, ndipo ulendo wonse, kupita ndi kubwera, anakhala pakati osaona ngakhale mtambo. Pakafukufuku yense uja, phindu langa linali lomwelo.