Tsiku limene ndinawatsekera kunja a Kaputeni

Nkhani iyi mkazi wanga amaikonda kuposa ine mwiniwake, ndipo akamaifotokoza kwa alendo amathira mchere wambiri, mpaka kunena kuti ndinalira. Sindinalire ayi, linali thukuta. Nchifukwa chake ndaganiza zoulula ndekha.

Inali nthawi ija ya chipani chimodzi, pomwe munthu sunkalowa mumsika popanda khadi ya chipani m'thumba. Ndinali nditangotumizidwa kumene kuchokera kwathu ku Ntcheu kukagwira ntchito pabwalo la ndege ku Karonga. Ntchito yanga inali kuyeza katundu pasikelo, kuona matikiti ndi kuthamangitsa ng'ombe pamene ndege imatera (mwa zitatuzi, luso langa lenileni linali pa ng'ombe).

Ndege yomwe inkatera kwathuko inali yaing'ono, ya mainjini awiri, ndipo kawirikawiri ankaiyendetsa a Kaputeni Mwangonde, mwana wa ku Kaporo komweko. Anali munthu wamtali, wosaseka, wa malaya oyera osagwira fumbi ngakhale mu Okutobala. Pa malamulo sankapindika. Mayi awo owabereka ankabwera ndi kathumba ka mpunga ndege ikatera, koma sanaonepo mpando umene mwana wawo amakhalapo. Ankathera pa waya wa mpanda ngati wina aliyense.

Tsiku latsokalo ndege itatera, a Kaputeni anandiitanira mkati. Anandiimika pachitseko cha kachipinda kakutsogolo komwe amakhala oyendetsa ndege, komwe ife apantchito tinkakatchula kuti kokopiti.

"Kiyi wa chitseko ichi wathyoka," anatero. "Ine ndi mnzangayu tikupita ku ofesi kukamva za nyengo. Inu muime apa. Palibe wolowa."

"Ngakhale…"

"Palibe ngakhale."

Ndinaima chilili, chifuwa patsogolo. Mumtima ndinkati amayi akanandiona.

Sipanapite nthawi ndinamva nyimbo panja. Anali amayi a chipani, atavala nsalu zofanana, akuperekeza a tcheyamani a chipani m'boma lathu omwe ankapita ku msonkhano ku Lilongwe (dzina ndilisunga, ana awo alipo ndipo ndi anthu abwino). Munthu wotere sadikira padzuwa. Anakwera ndege nthawi isanakwane, kumbuyo kwawo kuli wojambula zithunzi ndi amayi angapo. Ndipo m'malo mokhala pampando, analunjika kwa ine.

"Jula chijaro, mwana wane," anatero mu Chitumbuka. Ataona kuti ndangoti kakasi anabwereza mu Chichewa. "Tsegula. Ndikufuna chithunzi ndili pampando wa dalaivala."

"Pepani bwana, saloledwa munthu."

"Munthu? Ukuona munthu apa iwe?"

Funso limeneli ndinaona kuti mayankho ake onse awiri ndi ondipha.

"Khadi uli nayo?"

Ndinaitulutsa. Anaiyang'ana uku ndi uku, nkundibwezera.

"Khadi uli nayo, koma ulemu ulibe. Kwanu nkuti?"

"Ku Ntcheu, bwana."

"Ukufuna kudzakuonanso ku Ntcheu?"

Achinyamata a lero mwina aseka, koma masiku amenewo funso lotere silinali nthabwala. Anthu ankatengedwa pa zifukwa zochepa kuposa zimenezi, abale nkumangonong'onezana. Mkazi wanga anali woyembekezera. Kumbali inayi, ndikatsegula ndiye kuti ntchito yatha lero lomwe, mwezi usanathe chiiyambireni.

A tcheyamani anayamba kundikankha ndi mimba, pang'onopang'ono, ngati ng'ombe yofuna kudutsa pachipata. Ndinaona kuti thupi langali silingalimbe. Apa mpamene nzeru zanga za ku Ntcheu zinagwira ntchito. Ndinakumbukira kuti chitsekocho chinali ndi kampiringidzo mkati. Ndinachitsegula pang'ono, kulowa chambuyo, kutseka, kupiringidza. Phaa!

Nditapuma kawiri mpamene ndinazindikira kuti m'chipinda chosaloledwa munthu muja muli munthu tsopano.

Abale, kutentha kwa ku Karonga mumakudziwa, koma simunakulawe muli m'kabokosi ka magalasi. Kulikonse kumene ndinayang'ana kunali mawotchi ndi timabatani, pamwamba, pansi, m'mbali. Ndinaopa kuti chigongono chingakhudze kena kake ndege nkunyamuka nane. Ndinagwada pakati pa mipando iwiri ija, manja pamutu ngati mwana wolangidwa kusukulu. Kunja chitseko chinkagunda, a tcheyamani akukalipa mu zilankhulo zitatu.

Kenaka kunati zii. Wina anagogoda modekha.

"Tsegulani. Ndine Kaputeni."

Tsono muyenera kundimvetsa. Nthawi imeneyo m'makutu mwanga anthu onse a ku Karonga ankalankhula Chichewa mofanana. Ndinati ameneyu ndi wojambula uja, amutuma kuti andipusitse.

"A Kaputeni anati palibe ngakhale!" ndinakuwa.

"Ndine amene ndinanena mawu amenewo."

"Ndiye yankho mukulidziwa kale, bwana."

Ndinamva wina akuseka, wina nkumuletsa. Mapazi anachoka. Ndinadziyamikira mumtima kuti koma ndine dolo. Posakhalitsa ndinamva chitsulo chikukokedwa kunja, kenaka pawindo lakumanzere panatulukira chipewa, pansi pa chipewa nkhope. A Kaputeni Mwangonde, pa makwerero, pamaso pa amayi onse a chipani ndi mayi awo omwe, akundiyang'ana ndili chogwada m'ndege yawo. Anangoloza chitseko ndi chala chimodzi.

Nditatsegula anandifunsa funso limodzi: "Mwagwira chiyani?"

"Mutu wanga wokha, bwana."

Sanandikhulupirire, kapena lamulo silinkawalola kundikhulupirira. Iwo ndi mnzawo anatenga kabuku nkuyamba kuona batani lililonse, wina kuwerenga, wina kuyankha, ife tonse tikuwira ngati chinangwa mumphika. Atamaliza, a tcheyamani anali atapsa mokwanira.

"Kaputeni, mnyamata uyu lero akagona kupolisi. Wanyoza chipani pamaso pa amayi."

A Kaputeni anatulutsa cholembera m'thumba mosafulumira.

"Chabwino, bambo tcheyamani. Koma choyamba ndilembe lipoti lopita kulikulu. Lamulo limati ndilembe aliyense amene walowa muno, ndi aliyense amene amafuna kulowa. Ndege imeneyi imanyamulanso nduna za boma, ndiye akuluakulu adzafuna kudziwa kuti munthu ankafunamo chiyani woyendetsa palibe. Dzina lanu lonse ndi ndani?"

Sindinaonepo munthu akuphwa msanga chotero. A tcheyamani anayang'ana cholembera, anayang'ana amayi, anayang'ana ine. Kenaka anaseka kwambiri, mano onse panja.

"Ine kulowa? Ndikatani mmenemo ine? Ndimamuyesa mwanayu!" Anandigwira paphewa nkundikokera pakhomo la ndege, pomwe gulu lonse linkationa. "Amayi! Mwaona kusunga mwambo kumene timakuuzani tsiku ndi tsiku? Ndi uyu! Ndamuopseza, ndamukankha, sanasunthe!"

(Ndinasuntha, monga mukudziwa, koma sinali nthawi yowakonza.)

Nthungululu zinalira. Amayi anayambitsa nyimbo, wina nkundipukuta kumaso ndi nsalu yake. Wojambula uja, yemwe anabwerera chithunzi cha a tcheyamani pampando wa dalaivala, anajambula a tcheyamani atakumbatira ine, malaya anga atamatira pathupi ngati ndangovuuka mumtsinje wa Rukuru. Kuyambira tsiku limenelo, pamsika wa Karonga palibe amene anandifunsanso khadi. Ankangoti, "Musiyeni uyo, ndi uja anakaniza a tcheyamani."

Ndege isananyamuke ndinapita kwa a Kaputeni kukathokoza.

"Mwandipulumutsa, bwana. Ndiye lipoti lija lafa eti?"

"La iwo lafa, sanalowe. Inu munalowa."

"Koma ndimateteza lamulo lanu lomwe!"

"Ndikudziwa. Ndilembanso zimenezo." Ndipo ndikulumbira, pakona ya mlomo wawo panagwedezeka pang'ono.

Patatha milungu iwiri kalata inafika kuchokera kulikulu. Ndime yoyamba inkandichenjeza mwamphamvu chifukwa cholowa malo oletsedwa ndi kuchedwetsa ndege. Ndime yachiwiri inkandiyamikira chifukwa cha kulimba mtima poteteza malo omwewo. Bwana wathu wa pabwalo anaiwerenga kawiri, nkundifunsa ngati andilange kapena andigwire chanza. Mapeto ake anachita zonse ziwiri.

Mukandifunsa zomwe ndinaphunzirapo, ndinganame kuti ndinaphunzira kuganiza ndisanachite. Zoona zake nzakuti zitachitikanso lero ndingalowenso nkupiringidza. Chokhacho chimene ndinasintha nchakuti munthu akandiuza kuti ndilondere chitseko, ndimayamba ndamufunsa kuti ndiime mbali iti.