Payi ya Nkhope Ziwiri

Inu, mukaona telala akulowa m'khitchini tepi yoyezera ili m'khosi, bisani fulawa. Pamsewu wathu pali mayi osoka madiresi aukwati, timangowatchula a Zigizagi, chifukwa chilichonse chimene agwira chimatuluka ndi m'mphepete mwa manomano. Mwana wawo wamwamuna anapeza mbeta, ndipo mayi a mtsikanayo, amene akhala akuphika mubekale zaka makumi awiri, anatumiza mawu kuti abwera Loweruka masana kudzaona pakhomo. A Zigizagi atangomva za bekale, analumbira kuti asewere awowo adzadya payi ya maapozi yoti sanaionepo chibadwire.

Kaphikidwe kake anafunsa kasitomala wina uku akumuyeza m'chiuno, mapini ali pakamwa, moti anamva theka lokha. Koma pa zokongoletsa, pamenepo ndiye panali pakwawo. Anakanda fulawa, anasalaza ndi botolo, anadula chivundikiro cha pamwamba ndi sizasi ya manomano, n'kuluka kankhata kuzungulira m'mphepete monse. Pakati anaumbapo nkhope ziwiri zogundana masaya, ya mwana wawo ndi ya bwenzi lakelo, mphuno zosongoka bwino, maso a mphesa zouma.

Amuna awo, dalaivala wopuma ntchito, munthu wosayankhula kawiri, anasuzumira n'kunena kuti mapayi a m'sitolo amakhala ndi timabowo pamwamba, mwina totulukira nthunzi. Mayiwo anawafunsa ngati anaonapo diresi laukwati lobooka. Bambowo anabwerera pakhonde.

Kenako dzira lopaka pamwamba kuti pawale linapulumuka m'manja, phwa pansi, ndipo linali lomaliza. Kotsalira m'chigoba kanangokwanira nkhope imodzi. Anapaka ya mwana wawo, paja wako ndi wako.

Mu uvuni muja nthunzi inasowa khomo. Inazungulira, inakankha, mpaka inadziboolera yokha njira, ndipo pamalo onse inasankha mphuno ya mnyamatayo. A Zigizagi akutulutsa payi, alendo anali akugogoda kale. Nkhope ya mwana wawo inali itatupa masaya, chipumi chikunyezimira ngati dazi, madzi a maapozi akuyenderera kuchokera m'mphuno mpaka kuchibwano. Ya mtsikanayo inali mbuu, mphuno itaphwa, diso limodzi litasamukira kukhutu. Anaganiza zoiphimba ndi nsalu, koma fungo linali litawaulula kale, ndipo mwana wawo anali atalengeza pakhomo pomwe kuti amayi aphika chodabwitsa.

Asewere anavala magalasi n'kuweramira payi ija nthawi yaitali. Anayamikira kankhata ka m'mphepete, amvekere ngakhale antchito awo sangaluke chotero. A Zigizagi anayamba kupuma. Ndiye mlendoyo analoza pakati ndi foloko.

"Nanga anthu awiriwa ndi ndani?"

Mtsikana uja anali pompo, wokongola, akumwetulira mwaulemu, maso onse awiri ali m'malo mwake. A Zigizagi anamuyang'ana, anayang'ana diso la kukhutu lija, n'kuyankha.

"Ndife, asewere. Ine ndi bambo a kunyumba kuno."

Asewere anayang'ana payi, anayang'ana mayiwo, kenako anatembenukira kwa bambo aja, amene anali atakhala phee kumapeto kwa tebulo, thukuta likuwala padazi pawo.

"Inuyo ayi, mwadzinyoza," anatero. "Koma abambowa ndiye mwawatenga ndendende."

Bambowo sanatsutse. Anangotulutsa mpango m'thumba n'kupukuta mphuno.