Ndevu za Mapopa ndi Nkhondo ya Basela

"Sanaonjezerepo ngakhale kamodzi?"

"Ngakhale kamutu, bwana tcheya."

Tcherani khutu, inu mibadwo yam'tsogolo, pakuti umu ndi mmene inayambira nkhondo ya chaka cha 2018, m'masiku amene chisanu cha mzinda wa Leicester, ku Mangalande, chinkang'amba milomo ya ophunzira apayunivesite. Ku Spinney Hill kunali shopu ya a Dawood, obadwira ku Limbe, yokhayo yogulitsa usipa, ndipo mkuluyu akayeza ankatapanso kadzanja kena n'kuwaza pamwamba: basela, mwambo wa misika yakwathu. Koma nyamakazi itawakhazika pansi, pakauntala panalowa mwana wawo Sajid, wobadwira konkuno, wokhulupirira sikelo kuposa anthu.

Atamva lipoti la mtumiki wake lija, Mapopa, tcheyamani wa Abale a Mpira, Chipembere cha ku Wigston, Mwini Ndevu Zosadziwa Lezala, anaitanitsa Alongo a Kwaya ndi mfumukazi yawo Perpetua, nakwera pampando wapulasitiki.

"Abale ndi alongo! Lero atilanda basela, mawa atiyezera mpweya! Tinyanyale shopu imeneyi! Ndipo kanthu ka mmenemo kakalowa m'kamwa mwanga basela asanabwerere, mundimete ndevu izi pagulu!"

"Tamva, achimwene," anatero Perpetua, nakagula lezala tsiku lomwelo, kushopu ina.

Loweruka asilikali anakwera basi, nakandanda pakhomo pa mdani ndi zikwangwani zamakatoni, akuimba mpaka mano kugundana. Chitseko chinatseguka. Sanatuluke Sajid, anatuluka mayi ake, a Zaibunisa, atanyamula thireyi ya masamusa ofuka nthunzi.

"Ana anga, mufera pano ndi mphepo. Mapopa, yamba iwe, wawonda ngati ndodo."

Ha, tsoka la ngwazi! Kukana chakudya cha m'manja mwa mayi wamkulu ndi mwano woti ukamveke mpaka ku Rumphi. Kudya, ndevu zapita. Chipembere chinayang'ana kumwamba kufuna chizindikiro, chinaona nkhunda chabe. Chinawerama, chinalandira ndi manja awiri, chinaluma.

Asanameze, a Dawood anatulukira akutsimphina.

"Sajid! Alendo pakhomo panga akuimbira panja? Sikelo ndi ya boma, dzanja ndi langa. Basela abwerere!"

Mtendere unagwa ngati mvula. Kwaya inayamba nyimbo yachigonjetso, Abale ananyamula a Dawood pamapewa mkuluyo akukuwa za mawondo ake, ndipo Sajid, akung'ung'udza m'Chingerezi, anakakamizidwa kukweza kausipa kamodzi m'mwamba ngati chikho cha ligi.

Pamenepo Perpetua anasolola lezala m'chikwama.

"Dikira, mlongo!" anafuula Mapopa, dzanja lina pachibwano. "Sindinaswe lumbiro. Samusa ija inali yaulere, yoperekedwa ndi dzanja la eni shopu. Ameneyo ndiye basela, anabwerera pomwe ndimaluma!"

Khamu linatembenukira kwa mfumukazi. Perpetua anauzira lezala lija mpweya.

"Basela wa chiyani, poti sitinagule kanthu?"