Nkhondo ya Zolembera m'Sitolo ya Misomali

M'chaka chimene sitolo yatsopano inatsegulidwa tsidya la msewu n'kuyamba kukoka makalipentala mmodzimmodzi, m'masiku owawa amene misomali ya sitolo yakale inkachita dzimbiri m'mabokosi, kunabuka nkhondo imene ine, wa khomo loyandikana, ndinaiona ndi maso angawa.

Mwini sitolo yakaleyo, Njovu ya Pakauntala, Woyeza Misomali ndi Dzanja Lokha, analamula kuti agawe zolembera zaulere zokhala ndi nambala ya foni, kuti makalipentalawo abwerere. Akazi awo, Mkango Wosunga Makiyi, anavomera. Wosindikiza anasiya zolembera ziwiri, china chodina, china cha chivindikiro, zoti asankhepo pofika Lachisanu, ndipo mtendere unathera pomwepo.

"Chodina kumutu," inatero Njovu itakwera pa thumba la simenti. "Munthu akadina, mtima umakondwa."

"Mtima wa ndani, bambo a mapasa? Chanu chija munadina mpaka sipuling'i inagwera mu utoto. Cha chivindikiro basi."

"Chivindikiro chimasowa tsiku lomwelo, mayi. Onani m'dirowamo, zonse zili mbulanda."

Masiku atatu kauntala inagawika pakati, ndipo wogula loko kwa Njovu ankadikira kuti Mkango uponye makiyi a kabati osayang'ana kumbuyo.

Lachisanu analowa kalipentala wokalamba, yekhayo amene anali asanawoloke msewu, ndipo anamugwira kuti aweruze. Mkuluyo sanapemphe pepala. Anatola thabwa. Chodina chinangokanda. Cha chivindikiro chinasiya kadontho kamodzi n'kufa. Kenako anasolola kapensulo kukhutu n'kujambula mzere wakuda bii.

"Ife timalemba pa thabwa, abwana. Inki imaopa utuchi."

Njovu inatsika pa simenti pang'onopang'ono.

"Ndiye tisindikize mapensulo," inatero.

"Nanga akamasongola, nambalayo siidyeka?" unafunsa Mkango.

"Tiika kumchira, mayi."

"Apo mwalankhula ngati munthu."

Pangano linasainidwa pa thabwa lomwelo, mkulu uja ali mboni. Anawiritsa tiyi wa chigonjetso, ndipo poti supuni inali itasowa, aliyense anatakasa shuga ndi cholembera cha mnzake.

Mapensulo atagawidwa, makalipentala anayi anawoloka msewu kubwerera. Atatu anagula misomali. Wachinayi ankangofuna pensulo ina, akuti ya khutu linalo.