Ubale Wobwereka pa Kompyuta

Kwa Bwana Mkulu wa Nthambi ya Makompyuta,
Likulu la kampani, Nagoya.

Bwana wolemekezeka,

Ndawerama mpaka mphumi kugunda tebulo. Ndine Kuramochi Sayuri, waganyu amene munam'tenga ku kampani yobwereketsa antchito, uja wokhala pafupi ndi makina osindikizira. Ndamva kuti kontirakiti yanga ithera mu Malichi, poti kompyuta yaikulu ikuonetsa kuti sindinagwire ntchito chaka chonse. Ndati ndithokoze ndisanapite.

Choyamba, zikomo potigawa m'magulu awiri m'kompyutamo: "apabanja", olembedwa ntchito yokhazikika, ndi "akunja", ife aganyu. Kale ndinkadziwa malo anga maswiti amene anzathu amagawa akabwera ku ulendo akadumpha tebulo langa. Tsopano ngakhale makina amandikumbutsa.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha sg, lamulo lija lolemba pakompyuta losinthira munthu gulu kwa kanthawi. Wakunja saloledwa kukhudza mafayilo a makasitomala, chonsecho ntchito yanga ndi yomweyo. Ndiye m'mawa uliwonse ndimalemba sg, dzina la gulu lanu, ndi mawu achinsinsi amene a Hirabayashi, oyang'anira gawo lathu, anandinong'oneza: "Bwereka ubale, Kuramochi-san, koma usazolowere." Lamulolo likamayenda ndimakhala wapabanja. Likangotha, kompyuta imanditulutsa popanda ndi zikomo yemwe.

Chachitatu, ndagoma ndi kawerengedwe kanu. Fayilo iliyonse imene ndapanga ndili mu ubale wobwerekawo imalembedwa kuti ndi ya apabanja, ndipo inu poyeza ntchito mumaona gulu. Koma tsiku lija lipoti linasokonekera simunaone gulu ayi. Munafufuza mpaka kupeza dzina langa, ndipo ndinaweramira ofesi yonse kupepesa. Zokoma n'za banja, zowawa n'za Sayuri. Zinandipweteka, Bwana, ndipo ndikamauza mayi anga odwala kuti ntchito ili bwino, zimandipwetekabe.

Sindikupempha kontirakiti, ndine yani ine kutsutsa kompyuta? Pempho langa ndi laling'ono. Ndamva kuti kuphwando lakumapeto kwa Malichi akunja sitinaitanidwe. Chonde musasinthe mawu achinsinsi aja mpaka tsikulo. Ndidzalemba sg pafoni yanga pakhomo la malo odyera a phwandolo, ndikhale wapabanja kwa mbale imodzi ya chakudya cha soba. Musadandaule za kundithamangitsa. Mbale ikadzatha ndidzatuluka ndekha, monga munandizoloweretsa.

Wanu wobwerekedwa,
Kuramochi Sayuri
Gulu: akunja