Mlendo wa Zaka Zisanu ndi Ziwiri Akupempha Kubwereka Mabuku a Pageti

Kwa Bwana Mkulu,
Kampani yosindikiza ya geti lobiriwira,
Ofesi yam'mwamba, komwe amati kuli kapeti.

Olemekezeka Bwana,

Ndikulemba kalatayi ndili chiimire chifukwa chimwemwe sichikundilola kukhala pansi. Lachiwiri madzulo ndinakumvani pa wailesi mukulandira chikho cha kampani yoyendetsa ntchito mwamakono. Munanena ndi mawu anu okoma aja kuti kampani yanu ili ndi antchito asanu ndi anayi okha, koma imatulutsa ntchito ya anthu zana limodzi. Ndinadumpha mpaka kugwetsa chingwe choyanikira zovala. Akazi anga anatuluka kukhitchini kudzafunsa ngati ndalumidwa ndi mavu. Ndinati, "Ayi amayi, atitchula pa wailesi. Pa anthu zana aja muchotsepo asanu ndi anayi, otsalawo ndife." Iwo anati, "Ndiye mukabwereke chikhocho tidzamweremo madzi m'nyumba yatsopano, ikapezeka."

Nkhani ya nyumbayo ndi imene yandilembetsa kalata ino, ndipo nthawi yake ndi yochepa: Lachisanu likubwerali, ndikapanda kuonetsa umboni woti ndimagwira ntchito, nyumba ipita kwa wina. Koma munthu woleredwa bwino sayamba ndi kupempha. Ndiyamba ndi kuthokoza.

Simukundidziwa, ndipo limenelo si vuto lanu. Ine ndi uja wa malaya otuwa amene amakhala kuseri kwa makina odulira mapepala, pensulo ili kukhutu. Ntchito yanga ndi kuwerenga chilichonse chisanalowe m'makina osindikizira: makalendala, timapepala tomata pa mabotolo, makhadi a ukwati, mapulogalamu a maliro. Ngakhale mawu munalankhula pa wailesi aja anadutsa m'manja mwanga kawiri. Ndikanakubweretserani kalatayi pamanja, koma mlendo saloledwa kukwera masitepe, ndipo kabokosi koponyamo maganizo kali m'chipinda cha antchito. N'chifukwa chake ndadzera m'nyuzipepala.

Choyamba, zikomo chifukwa cha dzina. Malemu bambo anga ankagwira ntchito yoitanidwa ikapezeka, ndipo anamwalira akutchedwa waganyu. Ine mumanditcha "katswiri wodziyimira payekha". Ndikalitchula dzinali ndikuyang'ana pagalasi, ndimaona kuti ndatalika. Pepala limene ndimasaina limati ndili ndi ufulu wogwira ntchito nthawi imene ndafuna, komwe ndafuna. Mwayi wake, kwa zaka zisanu ndi ziwiri tsopano, nthawi imene ndimafuna ndi hafu seveni m'mawa mpaka faifi madzulo, ndipo komwe ndimafuna ndi kuseri kwa makina odulira kuja. Tsiku lina mwana atatentha thupi ndinayesa kufuna naini koloko. Foni inalira katatu kundikumbutsa zimene ndimafuna kwenikweni.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha buku la alendo. Poti sindine wantchito, m'mawa uliwonse ndimaima pageti kulemba dzina langa, tsiku, nthawi yolowa, n'kulandira baji ya pulasitiki yolembedwa kuti MLENDO. Yanga ndi nambala 14, ndipo chingwe chake chinazolowera khosi langa moti Lamlungu kutchalitchi ndimachisowa. Wosunga bukuli ndi mlonda amene timamutcha a Sainani, chifukwa ndiwo mawu oyamba kutuluka pakamwa pawo. A Sainani anavina pa ukwati wa mlamu wanga, ana anga amawatcha amalume, koma m'mawa uliwonse amawongola chipewa n'kundifunsa kuti, "Tikuthandizeni chiyani, bambo?" Iwonso ndi katswiri wodziyimira payekha. Amafika sikisi koloko, kutsegula geti, kudzifunsa chimene abwerera, kudziyankha, kusaina pamzere woyamba, n'kudziveka baji nambala wani.

M'bukumo muli danga lofunsa kuti, "Mwabwera kudzaona ndani?" Tsiku langa loyamba anandiuza kuti ndizilemba dzina la a folomani, amene anali wantchito weniweni wokhala ndi kabati yolembedwa dzina lake. A folomaniwo anapuma ntchito zaka zinayi zapitazo, ndipo m'malo mwawo munaika akatswiri atatu odziyimira paokha. Chaka chatha a folomaniwo anamwalira. Pulogalamu ya maliro awo ndinawerenga ndine, inatuluka yopanda cholakwika ngakhale chimodzi. Poti palibe amene wandipatsa dzina lina, ndikupitirizabe kuwachezera tsiku lililonse hafu seveni. Sindikhulupirira kuti ali ndi mbale wowayendera mokhulupirika ngati ine.

Chachitatu, ndipo apa mtima wanga ukuchita kuvina, zikomo chifukwa cha kutsanzikana. Pakatha masabata khumi ndi limodzi, mayi a mafomu amandiitana, kundigwira chanza, kundithokoza chifukwa cha nthawi yochepa imene tagwirira limodzi, n'kundifunira zabwino zonse kumene ndikupita. Kumene ndikupitako ndi kunyumba, sabata imodzi. Akuti munthu akakhalitsa mosadukiza, malamulo angamuyese wantchito n'kuyamba kumukakamiza zinthu zoopsa monga tchuthi, penshoni ndi khadi la kuchipatala. Mwanditeteza ku zimenezi maulendo makumi atatu. Anthu ambiri amatsanzikidwa kamodzi pa moyo wawo wonse, ena mpaka kudikira tsiku la maliro. Ine kanayi pa chaka.

Ndikabwerera Lolemba, mayi a mafomu amandilandira ngati watsopano. Amandiyendetsa m'nyumba monse kundionetsa pozimitsira moto, potulukira ngozi ikagwa, ndiponso chimbudzi. "Kachitsekoka kamavuta," amatero, "muzikanyamula pang'ono potseka." Ndimagwedeza mutu ngati ndamva zodabwitsa. Kanyamulidwe kameneko ndinawaphunzitsa ndine, ndipo msomali umene umakhala ngati loko ndinachoka nawo kwathu. Ulendo watha tsiku langa lotsanzikana linagwa m'sabata imene mayiwo anali kunyumba, poti nawonso amatsanzikidwa. Sindinafune kuti dongosolo lanu lisokonekere, Bwana. Ndinatsegula kabati yawo, kutenga fomu, kudzithokoza, kugwiranitsa manja anga awiri, n'kudziperekeza mpaka pageti. Ndinalankhula mawu okhudza mtima kwambiri moti a Sainani anapukuta m'maso.

Chachinayi ndi chachifupi. Zikomo chifukwa cha mipando yopanda mwini, yakuti wofika msanga ndiye akhale. Yatiphunzitsa kuthamanga. Mayi wina wojambula zithunzi pa kompyuta, wa ana anayi, tsopano amandipitirira pakona ya pafupi ndi mpopi, chikwama chili kukhwapa.

Chachisanu, ndikukumbutseni za Lachinayi lija pamene nonse asanu ndi anayi munapita kuhotela kukaphunzira kugwira ntchito mogwirizana. Tsiku limenelo m'nyumba yonse munatsala alendo okhaokha: alendo poyendetsa makina, alendo poyankha foni, alendo kuchezera alendo anzawo. Kunafika kasitomala wamkulu wa makatoni a sopo, nkhope ili gwa, kufuna kuonana ndi munthu wa kampani. Tinayang'anana mabaji pachifuwa n'kumuuza kuti eni ake kulibe. Anati, "Nanga makinawa akudziyendetsa okha?" Wosakaniza inki anayankha kuti, "Ayi bwana, tikungowagwirira poti tawapeza akulira." Makatoni ake anatuluka tsiku lomwelo, ola limodzi nthawi isanakwane. Sindikunena kanthu, Bwana. Ndikungosangalala.

Tsopano ndifike pa nkhani ya nyumba.

Nyumba imene takhalamo pa lendi zaka zisanu yagulitsidwa, ndipo wogulayo akufuna kuigwetsa amange mashopu. Pakutha pa mwezi uno tikhale titatuluka, ine, akazi anga ndi ana atatu. Titayenda masabata awiri tinapeza ina ya zipinda ziwiri, mpopi uli pakhomo, sukulu ili kuseri kwake, moti wamng'ono uja sadzawolokanso msewu waukulu. Akazi anga anayeza kale mawindo ndi chingwe. Eni nyumbayo ndi mayi achikulire ovala magalasi pansonga ya mphuno. Anandiyang'ana kuyambira taye mpaka nsapato n'kunena kuti, "Taye salipira lendi, bambo. Ndikufuna kalata ya kuntchito. Namwino wina wabwera nayo kale, yodinda bwinobwino. Inu ndikudikirani mpaka Lachisanu chifukwa akazi anu ali ndi ulemu."

Ndinathamangira kwa mayi a mafomu. Anatseka chitseko n'kunong'ona kuti, "Achimwene, ndilembe bwanji kuti mumagwira ntchito kuno? Akandimeza wamoyo kumwambako. Inu ndinu bwenzi la kampani." Ndinawafunsa kuti nanga iwo nyumba anaipeza bwanji. Anati, "Ndimakhala kwa apongozi, ndipo musandikumbutse." Komabe ndi munthu wamtima. Anandilembera kalata yakuti kampani siikundidziwa ngati wantchito, koma imandiona kawirikawiri. Ndinaiwerenga ndi pensulo monga mwa chizolowezi, inalibe cholakwika.

Mayi eni nyumba anaiwerenga kawiri, kuitembenuza kuti aone ngati kumbuyo kuli zina. "Kukuonani kawirikawiri?" anatero. "Galu wa aneba ndimamuonanso kawirikawiri. Bweretsani chilichonse chosonyeza kuti m'mawa mukatuluka mumapita kwinakwake, osati kukakhala pansi pa mtengo kuwerenga nyuzipepala ya dzulo."

Apa ndi pamene nzeru zanu zinandiwalira, Bwana, ndipo ndinaseka ndekha mumsewu mpaka wogulitsa nthochi anasuntha dengu lake. Umboni ulipo. Palibe wantchito wanu aliyense amene ali ndi umboni wonga wanga. Asanu ndi anayi aja amangolowa pageti galimoto ili vuu, osasaina paliponse, moti sangathe kutsimikizira kuti Lachitatu lapitali anabwera. Ine ndili m'mabuku a alendo khumi ndi anayi, achikuto chakuda, osanjikizana m'kachipinda ka pageti pamwamba pa zitini za penti. Muli dzina langa, tsiku ndi tsiku, nthawi yolowa ndi yotuluka, ndi cholembera chabuluu, chakuda, ndiponso chofiira cha mwezi uja cholembera cha pageti chinabedwa. Muli ngakhale tsiku limene mwana wanga wachitatu anabadwa: kulowa hafu seveni, kutuluka leveni, kulowanso wani koloko.

Ndinapempha a Sainani kuti andibwereke. Anakanda m'mutu n'kunena kuti, "Achimwene, ine ndingakupatseni ngakhale malaya angawa. Koma mabukuwo ndi a kampani. Pakufunika wantchito asaine, ndipo kuno pansi wantchito ndinamuona komaliza nthawi ya a folomani."

Choncho pempho langa ndi ili, ndipo ndikulipereka nditagwira chipewa m'manja. Sindikupempha kulembedwa ntchito. Sindingafune kudetsa chikho chanu ndi munthu wachikhumi. Sindikupempha mpando, kapu ya dzina langa, kapena tchuthi. Ndikupempha kuti mutsike masitepe kamodzi kokha, kapena mutume mmodzi mwa asanu ndi atatu enawo, adzasaine kuti mabuku khumi ndi anayi aja atuluke Lachinayi masana. Mundibwerekenso wilibala ya kumalo otayira zidutswa za mapepala, chifukwa ndawayesa kulemera kwake ndipo kukhulupirika kwanga sikunyamulika pamutu. Ndidzawakankha ndekha mpaka pakhomo pa mayi aja, awerenge tsamba ndi tsamba ndi magalasi awo. Madzulo ndidzabweza zonse, wilibala nditaithira mafuta, poti imalira.

Akazi anga akuopa kuti mukawerenga kalatayi mundichotsa ntchito. Ndawatonthoza kuti zimenezo sizingatheke. Kuti mundichotse muyenera kuyamba mwandilemba, ndipo pepala lomwelo ndikhoza kupita nalo kwa eni nyumba Lachisanu lisanafike. Njira iliyonse imene mungasankhe, Bwana, ine ndapindula, ndipo n'chifukwa chake chimwemwe chikundikanika kubisa.

Koma ngati kutanganidwa sikukulolani, musadandaule konse. Nyumbayo aitenge namwino uja, ndi munthu wothandiza anthu. Ife tsiku loyamba la mwezi wamawa tidzafika pageti lobiriwira hafu seveni, tonse asanu, ndi matiresi awiri, mbaula, ndi makatani amene anayezedwa kale aja. Kuseri kwa makina odulira kuli malo okwanira, mpopi ulipo, ndipo za kachitseko ka chimbudzi ana ndawaphunzitsa kale. Tidzatsata malamulo onse. Aliyense adzasaina, wamng'onoyo adzadinda chala, ndipo a Sainani alonjeza kutisungira mabaji otsatizana. Danga la nthawi yotuluka tidzalisiya lopanda kanthu. Pa danga lofunsa amene tabwera kudzamuona, a folomani ndidzawapumitsa, achezeredwa mokwanira. Ndidzalemba dzina lanu.

Ine mlendo wanu wosatopa ndi wokondwa kwambiri,

Baji Nambala 14,
Kuseri kwa makina odulira mapepala.